Za magazini ndi njinga ya ulendo wautali

Achimwene, mwafunsa ngati mungagule njinga yamoto ya BMW R1250GS yogwiritsidwa kale ntchito chifukwa magazini onse amaitama, pomwe cholinga chanu ndi kuyendera kuchoka ku Johannesburg kupita kumudzi ku Malawi pa Disembala, mayi a kunyumba ali kumbuyo. Ine ndinganene kuti atolankhani akuthandizeni kusankha njinga zitatu kapena zinayi zoti mukazione, koma asakusankhireni yogula.

Taonani momwe nkhani zawo zambiri zimalembedwera. Njinga ikangotuluka, kampani imatengera atolankhani ku Spain kapena ku Portugal, n'kuwalipirira ndege ndi hotela. Amakwera tsiku limodzi kapena awiri pa misewu yosankhidwa kale, matayala ali atsopano, amakaniko a kampani akudikirira pambali. Sindikunena kuti amanama ayi, ambiri mwa iwo amakwera bwino kuposa tonsefe m'gulu muno. Kungoti munthu wakwera maola ochepa, wopanda katundu, wopanda munthu kumbuyo, angadziwe bwanji momwe mpando umapwetekera mukadutsa Masvingo, mwatha kale theka la tsiku pa mzere ku Beitbridge?

Ndiye pali zina zomwe zimaoneka patapita zaka. R1200GS, yomwe inalipo R1250GS isanatuluke, inkatamandidwa paliponse, koma mu 2017 BMW inaitanitsa zomwe zinapangidwa kuyambira kumapeto kwa 2013 kuti zikakonzedwe mafoloko akutsogolo. Pa tsiku lokhazikitsa njingayo panalibe amene akanaziona zimenezo.

Zomwe ndimawakhulupirira ndi zoyezeka. Akati R1250GS imalemera makilo 249 ndipo mpando wake ndi mamilimita 850 kapena 870 kuchoka pansi, lembani. Kenako pitani mukaikhalire, muone ngati mapazi akufika pansi, poganiza kuti mwanyamula mayi ndi zikwama pa msewu wafumbi wolowera kwanu mvula itagwa. Nkhani zoyerekeza njinga zingapo tsiku limodzi, msewu umodzi, nazo n'zothandiza. Koposa zonse fufuzani nkhani zija atolankhani amasunga njinga miyezi yambiri, monga amachitira a nyuzipepala ya njinga zamoto ya MCN ku Britain, chifukwa kumeneko ndiye amatchula za mtengo wa sevisi ndi momwe matayala akuthera.

Mawu oti njinga ndi "yosasangalatsa" ine sindiwawerengera n'komwe. Munthu amene sabata iliyonse amakwera njinga zamphamvu kwambiri amaona Honda NC750X ngati yaulesi, chonsecho imamwa mafuta pang'ono zedi, ndipo nonse mukudziwa momwe petulo amavutira kwathu nyengo zina. Suzuki V-Strom 650 yakhala ikugulitsidwa kuyambira 2004, thanki yake ndi malita 20, injini yake ndi yodziwika kuti sivuta, koma simudzaiona kawirikawiri pachikuto cha magazini.

Funso lina lomwe mtolankhani wa ku Ulaya alibe nalo ntchito: tayala likaphwa pakati pa Nyamapanda ndi Tete, dzuwa lija likuswa mtengo, mudzatani? Yamaha Ténéré 700 amaitama kwambiri, ndipo ndi njinga yabwinodi, koma ili ndi machubu, kutanthauza kuti muchotse gudumu pamsewu pomwepo. GS ilibe chubu, mumangotseka bowo n'kupopa. Pamenepo GS yapambana. Koma zamagetsi zikasokonekera mutadutsa Zobue, makaniko wa pa Mwanza wozolowera njinga za kabaza sadzakhala ndi kompyuta yoyezera, ndipo chipangizo mungachidikire kuchokera ku Joni konko.

Choncho musanapereke ndalama, lowani m'magulu a eni ake a njingazo, mufunse amene adutsa makilomita 50,000 kuti chinawavuta n'chiyani. Pemphani buku la sevisi la njinga yomwe mukuifunayo, muonenso ngati zonse zomwe kampani inaitanitsa zinakonzedwa. Pokaiyesa mupite ndi mayi, akwere kumbuyo kwa ola lathunthu pa msewu waukulu wa N1, ndipo akatsika muwafunse za mawondo ndi msana musanayambe kukambirana mtengo.