Kalata imene Margery Paston sanaiwotche

Mayi wina wandilembera imelo yofunsa kuti: "Kodi mabanja a eni minda ikuluikulu ku England wakale ankakwatirana chifukwa cha chikondi, kapena ankangoyang'ana malo ndi ndalama? Nanga ife tingadziwe bwanji zimenezi?"

Mayi, tikudziwa chifukwa ena mwa iwo ankasunga makalata. Banja la Paston, la ku Norfolk, linasiya makalata ndi zikalata zoposa 1,000, zolembedwa kuyambira cha m'ma 1422 mpaka 1509. John Fenn ndiye anayamba kuwasindikiza mu 1787, ndipo ambiri ali ku British Library lero. Awa sanali a banja lachifumu ayi. Anali anthu okwera pang'onopang'ono chifukwa cha maphunziro a zamalamulo, kugula minda ndi kukwatira mwanzeru. Tsono kwa iwo ukwati unali nkhani ya minda choyamba.

Margaret Paston, yemwe anakwatiwa ndi John Paston cha m'ma 1440, ndi amene amandigwira mtima. Mwamuna wake ankakhalitsa ku London pa milandu ya malo, iye nkumasunga pakhomo. Mu 1448 anam'lembera kuti atumize mauta ndi mivi chifukwa adani ankafuna kulanda malo awo a ku Gresham, ndipo m'kalata yomweyo anapemphanso shuga, mtedza wa almond ndi nsalu yosokera ana zovala. Nkhondo ndi khitchini papepala limodzi!

Koma funso lanu likuyankhidwa bwino ndi nkhani ya mwana wa Margaret, Margery. Mu 1469 zinadziwika kuti Margery analumbirirana mobisa ndi Richard Calle, kapitawo wotolera lendi ndi kuyang'anira minda ya banjali. Munthu waganyu, mwana wa ochita malonda. Mchimwene wake wa Margery anapsa mtima nalemba kuti sadzavomereza zoti mlongo wake azikagulitsa makandulo ndi mpiru ku Framlingham, kwawo kwa Calle. Anawalekanitsa. Ndipamene Calle analembera Margery kalata yaitali yodandaula, kumutchula kuti mkazi wake pamaso pa Mulungu, nam'pempha kuti akangowerenga aiwotche, munthu wina asaione. Ife tikuiwerenga patapita zaka zoposa 550. Kaya Margery sanathe kuiponya pamoto, kaya a m'nyumbamo anailanda, kalatayo inakathera m'bokosi la banja lomwelo limene linkawazunza.

Malamulo a mpingo nthawi imeneyo ankati mwamuna ndi mkazi akalankhulana mawu oti akutengana tsopano lino, ukwatiwo wamanga, ngakhale popanda wansembe. Bishopu wa ku Norwich anawafunsa aliyense payekha. Margery anabwereza mawu amene analumbira, nawonjezera kuti ngati sanakwane, ali wokonzeka kuwalimbitsa pomwepo. Mayi ake atamva, analamula antchito kuti asamutsegulire chitseko, ndipo analembera mwana wawo wamkulu kuti asadandaule, angotaya munthu wachabechabe. Ine mawu amenewa ndimawawerenga mtima ukuwawa, komabe kumbukirani kuti milungu yomweyo Duke of Norfolk, mfumu yamphamvu ya m'deralo, anali atazinga nyumba yawo ya malinga ya Caister ndi asilikali. Margaret ankaona ngati zonse zimene anavutikira zikugumuka nthawi imodzi.

Chikondi chovomerezeka chinalipo, bola ndalama zigwirizane. Mu February 1477 mtsikana wa banja lina, Margery Brews, analembera mchimwene wa Margery Paston yemwe uja, John Paston wamng'ono, kumutchula kuti Valentine wake, ndipo imeneyi imatengedwa kuti ndi kalata ya Valentine yakale kwambiri m'Chingerezi. M'menemo akudandaula kuti bambo ake akukana kuwonjezera chuma choti apite nacho ku ukwati, nkumupempha John kuti asamusiye chifukwa cha zimenezo. Makolo anakambirana, ukwati unachitika chaka chomwecho.

Richard Calle, mwamuna wa Margery Paston, anabwereranso pa ntchito, popeza palibe ankadziwa mabuku a lendi kuposa iye. Margaret anamwalira mu 1484, ndipo mu wilo yake anasiyira John Calle, mwana wa Margery Paston ndi Richard Calle, mapaundi 20.