Za bulekidauni pamsewu wa Lilongwe ndi Blantyre

Achemwali, mwati mwagula Sienta ya automatic, muziyenda nayo pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa bizinesi yanu, nthawi zina muli nokha, ndipo mukufuna kudziwa bulekidauni yodalirika yoti muziimbira galimoto ikakuferani panjira. Manambala mupatsidwa ambiri pagulu pano. Ine ndikuuzani zoti mufunse musanasunge nambala ya munthu aliyense, ndipo mafunsowo mufunse sabata ino galimoto ili bwinobwino. Mukadzakhala pa Phalula dzuwa likulowa, foni ikutha moto, mudzavomera aliyense amene wayankha foni, pa mtengo uliwonse umene watchula.

Choyamba mufunse kuti abwera ndi galimoto yamtundu wanji. Anthu ambiri amene amadzitchula kuti a bulekidauni ali ndi pikapu kapena kalole ndi chingwe basi. Pa galimoto yanu chingwe ndi choopsa. Giyabokosi ya automatic ili ndi pampu imene imayendetsa mafuta mkati mwake, ndipo pampuyo imagwira ntchito injini ikamalira. Injini ikazima, koma matayala akutsogolo akuzungulira pansi chifukwa mukukokedwa, zitsulo za mkati zimakhulana popanda mafuta okwanira, ngakhale giya mutayiika pa N. Ma Sienta ambiri, ma Vitz, ma Passo ndi ma Note amene timaitanitsa ku Japan amayendera matayala akutsogolo, ndipo ambiri ali ndi mtundu wa giyabokosi ya automatic wotchedwa CVT, imene ikawonongeka amakaniko ambiri amangokuuzani kuti mugule ina. Munthu amene galimoto yake inangofa pampu ya petulo, vuto laling'ono, amafika ku galaja atawonjezerapo giyabokosi. Choncho mukufunika flatbed, ija yonyamula galimoto yonse pamsana, matayala onse anayi osakhudza pansi. Ikasowa, ikhale ija yokweza matayala akutsogolo m'mwamba. Koma muyambe mwaona ngati yanuyo si 4WD, yoyendera matayala onse anayi, chifukwa ma Sienta ena ochokera ku Japan ndi otero, ndipo amenewo akufunika flatbed basi. Ma hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua ndi Prius, nawonso asakokedwe ndi chingwe.

Pali chifukwa china chokanira chingwe. Injini ikazima, mabuleki amalimba mukangoponda kawiri katatu, chiwongolero chimalemera, ndipo ngati kiyi sali pamalo pake chimatha kudzikhoma. Taganizirani mukutsika zitunda za pakati pa Dedza ndi Ntcheu muli kumbuyo kwa lole, chingwe chili chachifupi, mabuleki sakugwira. Wa bulekidauni akakuuzani pafoni kuti “osadandaula mayi, tingokoka pang'onopang'ono”, thokozani, dulani foni, imbirani wina.

Chachiwiri, galimoto yawoyo imagona kuti? Msewu wa M1 kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi woposa makilomita 300. Nambala imodzi siikwanira. Ikakuferani pa Lizulu kapena pa Kampepuza, bulekidauni yochokera ku Area 25 kapena ku Ndirande itenga maola kuti ikupezeni, ndipo mulipira mafuta aulendo wonse, pobwera ndi pobwerera. Mukhale ndi nambala ya ku Lilongwe, ina ya ku Dedza kapena ku Ntcheu, ina ya ku Balaka kapena ku Zalewa, ina ya ku Blantyre. Tsiku lina mukamadutsa masana, imani pa filling station pa Ntcheu, mufunse anyamata othira mafuta kapena madalaivala a minibasi kuti ngozi ikachitika amabwera kudzanyamula ndani. Iwowa amaona ndi maso amene amabweradi ndi amene amangolonjeza. Mukapatsidwa dzina, pitani mukaione galimotoyo: winchi, makina okokera galimoto pamsana, ikugwira ntchito? Malamba omangira alipo? Matayala ake ali bwanji, nyali zikuyaka, COF (chiphaso choti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshuwaransi zili pagalasi? Munthu wa ntchito yake sakwiya mukamufunsa zimenezi.

Mufunsenso ngati amatuluka usiku, komanso ngati amasunga dizilo. Nthawi zamavuto a mafuta zija, foni imatha kuyankhidwa bwinobwino koma galimoto yake ili pamzere.

Tsopano nkhani ya ndalama, pamene pamabuka mikangano yambiri. Mtengo mugwirizane asananyamuke, ndipo awulembe pa WhatsApp kapena pa meseji. Mufunse ngati akuwerengera pa kilomita, ndipo makilomitawo akuyambira pamene iwo ali kapena pamene inu muli. Mufunse ngati usiku ndi Lamulungu mtengo umasintha. Musaiwale ma toll gate: wa Chingeni ku Ntcheu, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, ndi wa Kalinyeke ku Dedza, umene unatsatira mu 2022. Bulekidauni ikadutsapo imalipira, ndiye zidziwike kuti ndalamayo ili mkati mwa mtengo kapena ili pa inu. Ena amapempha kandalama ka mafuta pa Airtel Money kapena pa Mpamba asananyamuke. Kwa munthu amene munakumana naye kale, galimoto yake munaiona, zimenezo n'zomveka. Koma nambala yongoitola pa Facebook, munthu akuti tumizani zonse kaye, musatumize. Alipo amene amadya ndalama za anthu ovutika panjira n'kuthimitsa foni. Yotsala mulipire galimoto itatsitsidwa pamene munagwirizana, ndipo akupatseni lisiti.

Kumene galimoto ikupita musankhe ndinu. Ena a bulekidauni ali ndi galaja yawo kapena ya mnzawo, ndipo amakakamira kuti apite nayo kumeneko. Ikangolowa pageti, tsiku lililonse likuwerengedwa ndalama yosungira, ndipo kuti muitulutse muyenera kulipira kaye. Nenani poyera kuti ipite kwa makaniko wanu kapena kunyumba kwanu. Isanakwezedwe, ijambuleni mbali zonse ndi foni: mabampa, magalasi, nyali, matayala, batire, sipeya, jeke, wailesi, ngakhale mulingo wa mafuta. Jambulaninso nambala ya bulekidauniyo n'kutumiza kwa wachibale. Katundu wa bizinesi ndi mapepala a galimoto muchotse. Ngati malo alipo kutsogolo, kwerani nawo limodzi. Muwafunsenso kuti galimoto yanu ikagwa kapena kukalika ili pamsana pawo, alipira ndani. Amene ali ndi inshuwaransi ya katundu amene wanyamula amayankha mosazengereza.

Musanachite zonsezi, tsegulani mapepala a inshuwaransi yanu. Ngati ndi third party, imeneyo imalipira amene mwamuwonongera, yanu siikhudzidwa. Ngati ndi comprehensive, imbirani kampani yanu kapena broker, amene anakudulirani inshuwaransiyo, muwafunse molunjika: kodi kunyamula galimoto kuli mkati? Ndi pa ngozi pokha, kapena ngakhale injini ikangofa? Malire ake ndi ndalama zingati? Ali ndi bulekidauni yawo imene amafuna kuti muziimbira, kapena mumalipira nokha iwo n'kukubwezerani mukapereka lisiti? Ambiri amalipira comprehensive chaka ndi chaka osadziwa yankho la mafunso amenewa. Ikakhala ngozi, dikirani apolisi apamsewu aone kaye galimoto isanasunthidwe, chifukwa a inshuwaransi adzafuna lipoti la apolisi. Kampani ya inshuwaransi ikamakuzunguzani, madandaulo amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo za kuberedwa pa malonda zimapita ku Competition and Fair Trading Commission. Kumeneko ndi kumene lisiti ndi meseji ya mtengo ija zimakuthandizani.

Si vuto lililonse lofuna kunyamula galimoto. Batire kufa, tayala kuphulika, fyuzi kupsa, mafuta kutha, zimenezi zimatheka pomwepo. Wa bulekidauni wabwino amayamba wakufunsani kuti galimoto yatani, pa dashboard pakuyaka chiyani, ndipo akaona kuti n'zazing'ono amakutumizirani makaniko ndi zingwe zojampira mmalo mokulipiritsani ulendo wa flatbed. Koma nyali ya oyilo ikayaka yofiira, kapena injini ikatentha mpaka kutuluka nthunzi, zimitsani, musalole aliyense kukuuzani kuti muyende pang'onopang'ono mukafike. Ndimawalemekeza amakaniko a m'mbali mwa msewu, ambiri ndi aluso ndipo apulumutsa anthu, koma musalole munthu amene simukumudziwa atsegule giyabokosi kapena kudula mawaya a kompyuta ya galimoto pamsewu.

Podikira, galimoto ichoke pa phula mmene mungathere. Yatsani ma hazard, ikani ma triangle awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, patali ndithu kuti wa lole aione nthawi ikadalipo. Nthambi za mitengo zimene timaika pamsewu sizioneka usiku, komanso m'nkhungu ya ku Dedza miyezi yozizira. Inuyo musakhale mkati mwa galimoto imene ili pakona kapena kuseri kwa chitunda, tulukani muime patali ndi msewu. Tumizani location kwa wa bulekidauni ndi kwa wachibale, ndipo ngati muli pafupi ndi roadblock ngati wa pa Zalewa, adziwitseni apolisi kuti muli pamenepo. M'galimoto muzisunga power bank yodzaza, tochi, ndi kachitsulo kozungulira kaja kamene kamapotokoledwa pa bampa yakutsogolo, kamene winchi imakola pokweza galimoto. Kamakhala pamodzi ndi jeke, koma magalimoto ambiri amafika kuchokera ku Dar es Salaam katasowa kale. Kayang'aneni lero, ndipo ngati palibe, kagulireni chifukwa popanda iko anyamata amakola paliponse pansi pa galimoto n'kupinda zitsulo za matayala.