Kuyankha msuweni za ulendo wa ku Lusaka

Msuweni analemba m'gulu la banja: "Abale, kuchoka pa Mchinji kukafika ku Lusaka pa njinga yamoto yangayi pangalowe malita angati? Ndikufuna ndinyamuke Loweruka m'bandakucha, ndikafike tsiku lomwelo."

Yankho la mawu:

Eee, msuweni... dikira kaye nditsitse wailesi. Eya. Ndaona zimene walembazi. Malita? Iweyo? Munthu woti zaka zonsezi uli pa kabaza, Kamwendo kupita pa boma, pa boma kupita ku Mkanda, ungafunse ife za malita? Njinga imeneyo umaidziwa mimba yake kuposa mmene umawadziwira ana ako. Ayi, usatinamize. Ine ndagwira mawu akumapetowo, akuti "tsiku lomwelo".

Chabwino, ndiyambe ndi zimene wafunsazo, ungadzati sindinakuyankhe. Kuchoka pano kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 600. Ukawoloka pa Mwami ulowa Chipata, kenako Katete, Sinda, Petauke, Nyimba. Mpaka pamenepo palibe chachilendo, anthu ake ndi athu omwe, chilankhulo n'chimodzi, ndipo amayenda kumanzere ngati kwathu kuno. Koma ukadutsa Nyimba, aaa, dziko limasintha. Mapiri, msewu wokhotakhota, kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa, n'kukweranso kulowera ku Rufunsa. Kumeneko midzi ndi yotalikirana, malo omwetsera petulo nawonso ndi otalikirana, ndiye udzaze thanki pa Nyimba ngakhale ikuoneka ngati ikadali ndi mafuta. Malita uwerengere wekha.

Mapepala: pasipoti, laisensi, bulubuku ya njingayo, ndipo ikhale m'dzina lako... iii, kodi munasintha dzina muja munagulana ndi alamu? Ngati simunasinthe, utenge kalata yawo. Komanso inshuwalansi ya COMESA ija amati Yellow Card, ukagulire konkuno, chifukwa ndi imene imagwira ntchito kunjako ukagunda munthu kapena katundu wa eni. Ndalama usinthiretu zina zikhale kwacha ya Zambia.

Koma... mm. Ukuwakumbuka amalume ako, bambo anga aang'ono, chaka chija cha nkhani ya fodya? Iwe unali wamng'ono, unkathamangabe wopanda kabudula. Ayi, ndanama, unali utayamba sukulu, chifukwa ndi iwe unabwera ndi uthenga kudimba. Eya. Iwo aja anali atangogula njinga yofiira ija, ndiye unali mwezi wa Ogasiti, nthawi ya Kulamba ku Mkaika, ku Katete. Mtima wawo wonse unali kokaona Gawa Undi ndi magule. Koma kunyumba kunali kutavuta chifukwa cha ndalama zija, wadziwa kale, sindibwereza pagulu pano. Ndiye anangoti apite mwakachetechete, akaonere, abwerere tsiku lomwelo, wina asadziwe. Kwa mayi aang'ono anangoti akupita pa boma kukaona za feteleza.

Kupita anapita bwino. Gule anaonera, achibale a ku Katete anawaona, nsima anadya. Anthu aja anawaletsa, akuti gonani, dzuwa lapendeka, munyamuka mawa. Iwo ayi. Angagone bwanji poti kunyumba ananena za feteleza? Bodza lija ndi limene linawakweza pa njinga. Ananyamuka kukuchita chisisira, nyali ya njinga ija yofooka ngati koloboyi, ndipo asanafike ku Chipata anakumana ndi ngolo ya ng'ombe ikuchokera kumunda, yopanda chowala chilichonse kumbuyo. Anaiona atafika kale.

Anthu a m'mudzi wa pafupi ndi amene anawatola. Anthu abwino, Mulungu awadalitse, anawanyamula pa ngolo yomweyo mpaka anapeza galimoto yopita kuchipatala. Koma ife kuno? Masiku atatu, msuweni. Masiku atatu tikufufuza pa boma, ku Kapiri, mpaka ena anafika ku Namitete, chifukwa aliyense ankadziwa kuti munthu wapita kukaona feteleza. Amene anaganiza za ku Zambia panalibe. Mafoni kunalibe nthawi imeneyo. Agogo sanalawe kanthu masiku onsewo, anangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Mayi ako, azakhali, ndi amene ankayenda wapansi kufunsa m'misika, chitenje chili m'chiuno, maso atatupa. Amalume akowo, mwendo uja mpaka lero ukuona mmene amaukokera. Chisoti analibe, ndi chifundo cha Mulungu chabe kuti mutu sunagunde pansi.

Nanga ndimati chiyani... eya. Ndiye iweyo ukati "tsiku lomwelo", ine ndikumva kuti azakhali sunawauze. Ndanama? Ukufuna unyamuke iwo ali m'tulo, uthamange tsiku lonse, madzulo uwaimbire kuti amayi ndili ku Lusaka, ndafika bwino, kuti asapeze mpata wokuletsa. Ndakudziwa kuyambira uli kumsana, ukafuna kubisa kanthu umafunsa za chinthu china.

Tawerengera wekha. Kanjinga kako, utanyamula chikwama, ukamayenda 60 pa ola ndiye maola khumi osaima. Onjezapo pa boda, onjezapo ma rodibuloko, kudya, kupumitsa injini, mwina chubu kuphulika. Mapiri a ku Luangwa aja udzawapeza masana dzuwa likuswa mtengo, kuchigwa kuja kumatentha koopsa, iwe utatopa kale, manja achita dzanzi. Ukamakwera kulowera ku Rufunsa dzuwa lidzakhala likukulasa m'maso, paja ukulowera kumadzulo. Kenako mdima, uli pakati pa mathiraki ndi mabasi akuluakulu aja, amene mphepo yake yokha imakukankhira kunja kwa tara. Zonsezo chifukwa chothamangira foni imodzi ya madzulo.

Sindikukuletsa ulendo, ayi, undimve bwino. Pita, ntchito imene akuitanirayo ndi yabwino, tonse takondwera. Koma ukawauze azakhali usananyamuke, pamaso, osati pa foni. Adzalira, adzatchula za achimwene awo, mwina tsiku limenelo nsima sudya pakhomopo. Zisiye. Akadziwa, iwe sudzakhalanso ndi chokuthamangitsa. Udzagona pa Petauke kapena pa Nyimba, m'neti, paja udzudzu sufunsa pasipoti, n'kudzuka m'mawa kukuzizira, mapiri aja n'kuwadutsa ndi maso akuthwa, masana uli ku Chongwe.

Chisoti chija chong'aluka chija usapite nacho, ndakuona nacho pa msika. Ugule china chomanga bwino pachibwano. Jekete yowala, nsapato zotseka, osati mapatapata ako aja. Tcheni, mabuleki ndi matayala akaonedwe Lachinayi, osati Lachisanu usiku. Chubu chapadera, pampu, pulagi, masipanala. Ndipo kapepala kolemba dzina lako ndi nambala ya kunyumba kakhale m'thumba la malaya, osati m'foni mokha, foni imasweka.

Aaa, ndalankhula kwambiri, mphika wanga ukupserera. Koma wamva? Kawauze mayi ako. Ngati ukuopa kupita wekha, ndiimbire, mawa ndikachoka kumunda ndidzera konko tikakhale limodzi pakhonde, koma pakamwa potsegula pakhale pako. Uwauze kaye, ugone panjira. Loweruka likadali kutali.