Malikisi asatuluke musanawaone ndi maso anu

Madamu, mwafunsa zoti Moodle, pulogalamu yophunzitsira ndi kulembetsera mayeso pa intaneti, izichonga yokha mafunso oyankha ndi mawu ochepa. Chonde musazithamangire. Ndangowerenga funso lanu mtima n'kuyamba kugunda ngati ndabwerera mu 2020.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19, ife a pakoleji tinauzidwa kuti mayeso apakati pa semesita alembedwe pa intaneti. Ine ndimaphunzitsa zaulimi. Ndinapempha kuti mafunso olemba ndichonge ndekha, koma mkulu wa dipatimenti anakana, akuti kompyuta silakwitsa ndiponso sikondera. Anauza mnyamata wa ICT, woona za makompyuta, kuti atsegule zoti wophunzira akangodina "submit", malikisi aoneke pomwepo. Ine sanandiuze.

Funso lina linali loti mizere ya chimanga italikirane bwanji. Yankho lomwe tinaika linali "75 cm". Amene analemba "75cm" popanda kadanga pakati, ziro. Amene analemba "0.75 m", yemwe ndiye anaonetsa kuti nkhaniyi akuimvetsa, ziro. Funso la feteleza wokulitsa, yankho "23:21:0+4S". Ana analemba "NPK 23:21:0+4S", ena "23-21-0+4S", onse ziro. Moodle pa mtundu uwu wa funso, wotchedwa short answer, siwerenga tanthauzo, imangofananiza zilembo ndi zimene munaikamo basi.

Isanakwane 6 koloko madzulo foni yanga inali itatentha. Gulu la WhatsApp la kalasi linadzadza ndi zithunzi za mayankho olondola okhala ndi chizindikiro chofiira pambali. Mtsikana wina anandiimbira akulira kuti mawu ake sankamveka n'komwe. Anayenda wapansi kuchoka kumudzi kwawo kukafika pa trading centre pomwe netiweki imagwirako, bandulo anagula ndi ndalama ya mtedza wa amayi ake, lero akuona 9 pa 40. Bambo wina anandiimbira usiku n'kundifunsa ngati ndili ndi chifukwa ndi mwana wawo. Sindinagone. Ndinakhala pampando ndi laputopu mpaka batire linatha, magetsi atazima, ndikutsegula pepala limodzilimodzi.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi msonkhano wa m'mawa mwake. Bwana yemwe uja, yemwe analamula zonsezi, anaima pamaso pa anzanga n'kunena kuti "aphunzitsi ena sakonzekera bwino mayeso awo". Osatchula dzina, koma aliyense ankayang'ana ine. Mnyamata wa ICT anangowerama, poti naye ankaopa ntchito yake. Bwana amene sanalembepo funso ngakhale limodzi pa Moodle! Mpaka pano sanapepese, ndipo tikakumana amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Ndiye mverani. Ngati yankho ndi nambala, musagwiritse short answer, sankhani mtundu wa funso wotchedwa numerical. Mmenemo mumatha kuika malire a kusiyana kovomerezeka komanso kuuza makinawo kuti m ndi cm ndi zapachibale. Ngati ndi mawu, ikani mayankho onse amene mwana angalembe, ndipo kanyenyezi aka * kamaimira zilembo zilizonse, choncho *23:21:0* ikanalandira amene anayamba ndi NPK aja. Pa review options, pomwe mumasankha zimene ana aone akamaliza kulemba, chotsani zoti malikisi azioneka pompopompo. Mayeso akatsekedwa, pitani pa responses muone zimene ana alemba, onjezani mayankho olondola amene munawaiwala, kenako dinani regrade kuti kompyuta ichongenso. Ine ndi regrade yomweyo imene inandipulumutsa, koma mbiri inali itaipa kale.

Nthawi musaipanikize. Ana athu ambiri amalemba pafoni, ndipo kulemba ndime yonse ndi zala ziwiri netiweki ikudukaduka si masewera. Sankhani kuti nthawi ikatha, zimene walemba zitumizike zokha.

Komanso ndisakunamizeni, ngati kalasi yanu ndi yaikulu, musati muchonge zonse ndi manja, mudzadwala. Gawo lalikulu lisiyireni kompyuta yomweyo, koma likhale la multiple choice. Pamenepo ndiye imagwira bwino. Lembani mafunso ambiri mu question bank, mosungira mafunso mu Moodle, kuti aliyense alandire ake, mayankho asokonezedwe, apo ayi A, C, C, B imafika pa WhatsApp mphindi zisanu zisanathe. Mafunsowo asakhale oloweza okha. Mupatseni mwana munda wa mamita 30 m'lifupi, awerengere mizere. True or false ine ndinasiya, munthu wosawerenga n'komwe amatola theka mwamwayi.

Funso limodzi kapena awiri ofotokoza muwasiye kuti muchonge nokha, ndipo ndondomeko yochongera muwapatse ana mayeso asanayambe. Ndipo chilichonse chimene bwana wanu angalamule pa nkhaniyi, muwauze akulembereni pa imelo.