Funsani Dokotala: Mtsikana wagwiriridwa, tiyambire pati?

Adokotala, ndili m'gulu la anthu odzipereka lomwe limaphunzitsa za nkhanza zogonana. Sabata yatha mtsikana wa zaka 16 adandiuza mwamseri kuti wachibale wake adamugwirira. Abale akufuna nkhaniyi ithere pakhomo. Ena m'gulu mwathu akukayika chifukwa sadakuwe ndipo alibe mabala. Ine ndasowa pogwira. Tichite chiyani?

Amayi, mwana ameneyu adakusankhani inu chifukwa amakudalirani. Mawu oyamba amene ayenera kumva kwa inu ndi akuti: ndakukhulupirira, ndipo iwe sudalakwe.

Poyambira ndi kuchipatala, ndipo apa nthawi ndiyo imalamulira. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV otchedwa PEP amayenera kuyambika pasanathe maola 72 chichitikireni nkhanzayo, ndipo amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa masiku 28. Mapiritsi oteteza mimba pangozi amaperekedwa mpaka masiku 5, koma amagwira bwino akamwedwa msanga. Nthawi imene akuluakulu akuitanizana, kudikira uje ndi uje kuti akambirane, maola amenewa akutha. Zimandiwawa kuona mwana akufika patapita masiku asanu, pamene akadabwera usiku womwewo tikadamuteteza ku zambiri.

Kwa mtsikana wanuyu papita kale sabata, choncho nthawi ya PEP idapita. Koma mupite nayebe lero. Akamuyeza mimba, akamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, akaona ngati akufunika katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B, akamuyezanso HIV tsopano ndi kubwereza pakapita nthawi, chifukwa kachilomboka sikaoneka m'magazi masiku oyambirira. Zimene adokotala alembe zimathandizanso pa mlandu.

Zikadzachitikira wina, ngati angathe asasambe kapena kuchapa zovala asanaonedwe. Zovalazo ziikidwe m'pepala, osati m'pulasitiki, chifukwa chinyontho chimawononga umboni. Koma ngati wasamba kale, abwere basi. Musamubweze.

Tsopano za anzanu akukayikawo. Munthu akagwidwa ndi mantha aakulu, thupi silithawa kapena kumenyana nthawi zonse. Nthawi zambiri limangouma: mawu osatuluka, manja ndi miyendo osasuntha. Sichinthu chimene munthu amasankha, ndipo sikuvomera ayi. N'chifukwa chake ambiri ogwiriridwa sapezeka ndi mabala. Ena amafotokoza nkhani yawo modumphadumpha, lero izi mawa izo, chifukwa mantha amasokoneza kukumbukira. Gulu lanu likapanda kumvetsa zimenezi, lidzakhala likubweza anthu omwe lidakhazikitsidwira kuwathandiza. Ndiponso musamufunsefunse kuti adavala chiyani kapena amakatani kumeneko. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi.

Nkhani yothera pakhomo ine sindigwirizana nayo. Uyu ndi mwana, ndipo womuchitira nkhanzayo ali pafupi naye. Akasiyidwa adzabwereza, kwa iyeyu kapena kwa wina. Nkhaniyi ifike kwa apolisi kapena kwa ogwira ntchito yoteteza ana, ndipo mtsikanayo mumufotokozere musanapite, kuti asamve ngati mwamupereka. Funsani funso ili usiku uno: kodi akugona kuti, ndipo ndani ali naye?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse amakumana ndi nkhanza zomenyedwa kapena zogonana m'moyo wake, ndipo ambiri amachitidwa ndi munthu womudziwa. Anyamata ndi abambo nawonso amagwiriridwa, koma manyazi amawatseka pakamwa. Choncho gulu lanu lisadikire tsoka lina. Khalani pansi ndi anamwino, apolisi, aphunzitsi ndi atsogoleri azipembedzo, mugwirizane kuti ndani aperekeza munthu kuchipatala ngakhale usiku, ndi chipatala chiti chili ndi PEP. Abambo akhalepo pa zokambiranazi. Ndipo dzina la wochitidwa nkhanza lisatchulidwe pamsonkhano, ngakhale wa gulu lanu lomwe.

Mtsikanayo muzimuyendera. Kusowa tulo, maloto oopsa, kukana chakudya ndi kudzipatula zimachitika masabata oyambirira. Zikapitirira mwezi, aonane ndi mlangizi. Akangotchula zodzipha, musamusiye yekha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.