Mwana wanu akufuna kuyeza nkhalango ndi rada: ayambire pati?

Mayi wina wafunsa za mwana wawo wamkazi, yemwe akumaliza digiri ya zankhalango ndipo akufuna kukaphunzira kuyeza nkhalango za kumpoto kwa dziko lapansi ndi rada ya pa setilaiti. Nkhawa yawo ndi yakuti mwina imeneyi ndi ntchito ya akatswiri a makompyuta okha, moti digiriyo ipita pachabe.

Mayi, mtima m'malo. Digiri imeneyo ndiyo adzadalire kwambiri.

Nkhalangozi zayala ku Canada, Alaska, Sweden, Finland ndi Siberia. Kumeneko mitambo imakhalitsa, ndipo nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira pang'ono, kwina osatuluka n'komwe, choncho kamera wamba imasowa chojambula. Rada imatumiza yokha mafunde a wailesi pansi n'kulandira amene abwerera, usiku ndi usana, kaya kuli mitambo. Mafunde afupi, ngati a Sentinel-1 ya ESA, bungwe la ku Ulaya loona za m'mlengalenga, yomwe inaulutsidwa mu 2014, a masentimita pafupifupi 5.6, amathera kwambiri m'masamba ndi tinthambi. A ALOS-2 ya ku Japan, opitirira masentimita 20, amalowa mpaka ku nthambi zazikulu ndi mathunthu, n'chifukwa chake amathandiza poyerekeza kuchuluka kwa mitengo.

Koma chithunzi cha rada sichinena chokha zoona. Chimabwera chotuwa, chamadonthomadontho. Nyanja yabata imaoneka yakuda bii chifukwa mafunde amadumphira kutali. Kukazizira, madzi a m'mitengo amaundana, mafunde obwerera amachepa, ndipo nkhalango yomweyo imaoneka ngati yapyapyala pamene palibe mtengo wadulidwa. Chipale chofewa chikayamba kusungunuka chimasokonezanso. Nkhalango ikathithikana kwambiri, rada imaleka kusiyanitsa yochuluka ndi yochulukitsitsa. Munthu wodziwa kompyuta yokha amapusitsika apa. Amafunika amene anagwirapo tepi n'kuzunguliza thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, amene amadziwa momwe dambo limasiyanirana ndi malo ogwetsedwa mitengo. Finland yakhala ikuwerengera nkhalango zake pansi kuyambira 1921, ndipo miyezo ngati imeneyo ndi imene amawongolera nayo zimene setilaiti yaona.

Choti mwana wanu awonjezere ndi masamu a ziwerengero, fizikisi ya mafunde ndi kulemba mapulogalamu mu Python. Asadikire kuti alandiridwe kaye. Zithunzi za Sentinel-1 n'zaulere, mapulogalamu a pakompyuta a SNAP ndi QGIS, osanthulira zithunzi ndi mapu, ndi aulerenso. Asankhe dera limodzi la ku Finland, atenge chithunzi cha Januwale ndi cha Julayi, afananize, alembe chimene chasintha ndi chifukwa chake. Kantchito kotere, ngakhale kakhale masamba atatu, kamalimbitsa kalata yofunsira malo kuposa mawu ambiri odzitama.

Pofufuza masitazi ayang'ane mayina a remote sensing (kuyeza zinthu uli patali) ndi geoinformatics (kusanthula mapu pakompyuta). Yunivesite ya Helsinki ndi SLU, yunivesite ya zaulimi ya ku Sweden, ku Umeå n'zoyenera kuyambira. Ndisakubiseni: malo a ntchito si ambiri, amapezeka m'mabungwe ofufuza monga Luke ku Finland, m'maboma ndi m'makampani a matabwa, ndipo ofufuza ambiri amafika mpaka PhD. Sweden ndi Finland zimalipiritsa ophunzira ambiri ochokera kunja kwa European Union, choncho nkhani ya sikolashipu muyikambirane naye tsopano, mafomu asanatsegulidwe.