Magazi atuluka bwino, koma chifuwa sichikutha

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Amuna awo akhala akukhosomola kwa milungu inayi, akuonda, ndipo usiku amatuluka thukuta mpaka zofunda kunyowa. Pachipatala china cholipira adawatenga magazi n'kuwauza kuti alibe TB. Mayiwo akufunsa ngati angakhulupirire zotsatirazi.

Mayi, mtima wanu usakhale pansi ndi pepala limenelo. Magazi si njira yodalirika yodziwira ngati munthu akudwala chifuwa chachikulu.

Zoyezera zamagazi sizifufuza kachilombo ka TB kenikeniko, zimangoona mmene chitetezo cha m'thupi chikuchitira. Zina zimafufuza asilikali otchedwa ma antibody, ndipo zimaphonya kwambiri: wodwala zimamuuza kuti ali bwino, wabwinobwino n'kumupeza ndi matenda. Mu 2011 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza mayiko kuti asiye kuzigwiritsa ntchito, ndipo mu 2012 dziko la India lidaziletseratu. Zimandipweteka mtima kuti anthu amazilipirabe ndalama zawo.

Palinso mtundu wina wotchedwa IGRA, monga QuantiFERON ndi T-SPOT.TB. Umenewu ndi wovomerezeka, koma umayankha funso lina: kodi thupi lidakumanapo ndi kachilomboka? Padziko lonse, munthu pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse adakatengapo, ndipo ambiri sadzadwala n'komwe. IGRA sisiyanitsa kachilombo kogona ndi kamene kayamba kudya mapapo. Choopsa n'chakuti mwa munthu wofooka kwambiri, kapena amene chitetezo chake chatsika ndi HIV, imatha kuonetsa kuti palibe kanthu matenda alipo. Ngati m'magazimo adangoyeza ESR, yomwe imaonetsa kutupa m'thupi, imeneyo imakwera ndi matenda ambirimbiri, sinena za TB payokha.

Chofunika ndi makhololo. Mupite nawo kuchipatala cha boma, kumene kuyeza TB n'kwaulere. Akawapatsa kabotolo, atsuke m'kamwa ndi madzi, apume mozama kangapo, akhosomole zochokera pansi pa chifuwa, osati malovu, ndipo achitire panja podutsa mphepo. Makina a GeneXpert, amene WHO idavomereza mu 2010, amapeza kachilomboko m'maola awiri okha, n'kuonetsanso ngati sikamva mankhwala a TB otchedwa rifampicin. Makhololo akapanda kuonetsa kanthu koma chifuwa chikupitirira, apemphe X-ray. Ayezetsenso HIV, chifukwa kwa odwalika amene ali ndi HIV pali njira yofufuza TB mu mkodzo yotchedwa LAM.

Mudalembanso kuti m'nyumbamo muli mwana wa zaka zitatu. Bambo ake akapezeka ndi TB, mukamuonetse kwa adokotala ngakhale sakukhosomola, poti pali mankhwala omuteteza. Pakadali pano mawindo azikhala otsegula.